Nkhokwe, Actellic, thumba la PICS kapena sailo: chimanga chifike bwanji mwezi wa Febuluwale?

Chimanga chimene timakolola mu Meyi ndi Juni chimafika pakhomo chili chosalala, cholemera, chopanda banga. Komatu nthawi zambiri nankafumbwe amakhala atalowamo kale kumunda konko. Kachilombo kameneka kamauluka, ndipo kamayambira pa zitsononkho zimene makoko ake sanatseke bwino kunsonga. Kakakazi kamaboola kadzenje pa njere, kuikiramo dzira limodzi, n'kumatapo bwinobwino, moti ngakhale muiyang'anitsitse chotani njereyo simuonapo kanthu. Mphutsi imakulira m'kati momwemo ikudya, ndipo kunja kukamatentha imatuluka pakangotha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, itasanduka nankafumbwe wokhwima wokonzeka kuikira mazira ake oposa 100. Kabowo kamene timaona pa njere ndi potulukira. Tikamakaona, kudya kunachitika kale.

Choncho njira iliyonse yosungira chimanga iyenera kufunsidwa mafunso awiri. Ichita naye chiyani mdani amene ali kale m'kati mwa njere? Nanga ichita nacho chiyani chinyezi? Mayankho ake amachokera pa chinthu chimodzi chimene ana amaphunzira kusukulu koma sitichiganizira tikaima pafupi ndi matumba athu: chilichonse chamoyo chimapuma. Njere ya chimanga ndi yamoyo, n'chifukwa chake imamera ikadzalidwa. Nankafumbwe amapuma, chuku nachonso chimapuma. Popuma zonsezi zimatenga mpweya wa okosijeni, kuphwanya nawo chakudya, n'kutulutsa zinthu zitatu: mpweya wa carbon dioxide, madzi ndi kutentha. Pisani mkono mpaka m'chigongono m'thumba lofumbwa kwambiri ndipo mumva kufunda ngakhale m'mawa wa mu Julaye, dzanja n'kutuluka litayera ufa. Usiku kukakhala zii, mukagunditsa khutu pa thumbalo mumamva kuthetheka kwa tizilombo tikudya. Kufunda kuja ndi madzi aja zimachititsa tizilombo kuswana msanga ndi chuku kumera, ndipo zikachuluka zimawonjezeranso kufunda ndi madzi omwewo.

Kuyanika kaye

Palibe njira mwa zonse zimene ndifotokoze imene ingapulumutse chimanga chosauma. Chokolola kumene chimatha kukhala ndi madzi okwana magawo 20 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, nthawi zina kuposa apo. Choyenera kusungidwa chiyenera kutsika kufika pa magawo 13. Nambala imeneyi ili ndi chifukwa chake. Njere imapatsana chinyezi ndi mpweya woizungulira, imayamwa kukakhala chinyezi, imatulutsa kukauma. Ikafika pa magawo 13, mpweya wa m'mipata ya njere umakhala wouma moti chuku chimalephera kumera. N'chifukwa chakenso thumba lokhazikidwa pa simenti kapena lotsamira khoma limayamba kuwola cha kumunsi ngakhale linalowa m'nyumba lili louma gwaa. Matabwa kapena mitengo pansi pake, ndi kampata pakati pa thumba ndi khoma, zimathetsa vutoli.

Ambirife timayesa poluma njere: youma imasweka ndi phokoso, yosauma imangophwanyika mofewa. Kuyesa kwabwinoko ndi kwa mchere. Pezani botolo lagalasi louma bwino, ndipo mcherewo muuumitse kaye padzuwa kapena m'chiwaya. Thirani chimanga mpaka gawo limodzi mwa atatu a botolo, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, siyani kwa mphindi 15, kenako khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa lona. Ukamangoyoyoka, madzi atsika kufika cha m'ma 15 kapena kucheperapo, ndipo ndi bwino kuwonjezerabe tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa. Anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje amavutika kwambiri pamenepa, chifukwa chiperoni chimafika mu Juni ndi Julaye, nthawi yomwe chimanga chili pabwalo.

Ndikulimbikira za kuyanikazi chifukwa cha aflatoxin. Nankafumbwe amatibera chakudya, koma chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimathira poizoni m'chakudya chimene chatsalacho. Poizoniyu anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi ena oyandikana nawo ku Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chawochawo chimene chinasungidwa chisanaume. Kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri kumawononga chiwindi ndipo kumayambitsa khansa, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Poizoniyu satha ndi kuphika. Nsima ikhoza kuthakhathika mpaka kupsa, iye ali momwemo. Chuku chimenechi chimakhala m'dothi, n'chifukwa chake kuyanika pa dothi penipeni n'koipa. Kusankha ndi kutaya njere zowola, zosweka ndi zosintha mtundu kumachotsa gawo lalikulu la poizoni. Kafukufuku wochitika kuno ku Malawi anasonyezanso kuti kukonola ndi kuviika mphale monga amachitira amayi pokonza ufa woyera kumamuchepetsa kwambiri, koma wambiri amatsalira m'madeya, ndipo ng'ombe ikadya madeya otere poizoniyo amatulukira mumkaka.

Nkhokwe

Nkhokwe ya nsungwi kapena bango, yokwezedwa pa miyala, ya denga la udzu, inali yankho labwino pa chimanga cha nthawi yake. Ubwino wake waukulu ndi woti mphepo imadutsa m'mipata, motero chimanga cha m'makoko chimapitiriza kuuma chili chosungidwa kale. Pa njira zonse, ndi yokhayi imene imakhululukira munthu amene wakolola chimanga chisanaumitsitse. Chimanga chamakolo nachonso chinkadziteteza chokha: njere yake ndi yolimba, nankafumbwe amavutika kuiboola, ndipo makoko ake amatseka mpaka kunsonga.

Zinthu zitatu zinasintha. Choyamba ndi mbewu. Mitundu yambiri ya chimanga cha haibridi ili ndi njere yofewa, yonyophoka pamwamba, ndipo chitsononkho chimakula kupitirira makoko ake. Amayi anali oyamba kudandaula kuti chimanga chotere chimasweka pokonola ndipo chimafumbwa msanga, ndipo madandaulo amenewa ndiwo anachititsa akatswiri a ku Chitedze kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mitundu ya njere yolimbirapo. Chachiwiri ndi nankafumbwe wamkulu, Prostephanus truncatus. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a pakati pa America. Anafika ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kuwononga kwambiri m'chigawo cha Tabora, ndipo kuno analowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu makoko samuletsa. Amakonda chimanga chosatonola chifukwa njere ikakhala yokhazikika pa chitsononkho amapeza popondera poboola. Amaboola njere zambiri kuposa zimene amadya, n'kusiya ufa wokhawokha, ndipo amakhala ngakhale m'mitengo imene yamangira nkhokweyo, kudikira zokolola za chaka chamawa. Makaka a chinangwa sawasiyanso. Chachitatu ndi akuba. Chiyambire njala ya 2002, mabanja ambiri safunanso kuti chakudya chawo chigone panja poonekera aliyense.

Maganizo anga ndi akuti nkhokwe lero ndi malo oumitsira, a mwezi umodzi kapena iwiri, osati osungiramo mpaka dzinja. Ikani malata opindidwa ngati fanulo yozondoka pa miyendo yake kuti makoswe asakwere, sesani ndi kutentha zinyalala za chaka chatha musanaikemo chatsopano, ndipo chikangouma chitonoleni.

Thumba wamba ndi mankhwala a ufa

Iyi ndi njira imene mabanja ambiri akutsatira. Actellic Super ndi msakanizo wa mankhwala awiri, pirimiphos-methyl ndi permethrin. Mu Actellic Gold muli pirimiphos-methyl ndi thiamethoxam, pomwe Shumba ali ndi fenitrothion ndi deltamethrin. Kusakanizaku kunabwera chifukwa cha nankafumbwe wamkulu uja: pirimiphos-methyl amapha bwino nankafumbwe wamba koma wamkuluyo amapirira, pamene mankhwala a gulu la permethrin ndi deltamethrin amamugwetsa. Onsewa amagwira ntchito kachilombo kakawakhudza, n'kusokoneza mitsempha yake. Mphutsi ya m'kati mwa njere saifika. Amaidikira ituluke. Tanthauzo lake n'lakuti njere iliyonse iyenera kukhudzidwa ndi ufawo, ndipo apa ndi pamene ambiri zimawavuta. Kuwaza pakamwa pa thumba n'kusoka sikuthandiza. Chimanga chikhuthulidwe pa lona, chipetedwe kaye kuti fumbi ndi mungu zichoke, mankhwala ayezedwe monga mwalembedwera pa botolo, ndipo mulu utembenuzidwe ndi fosholo kangapo mpaka pasaoneke malo oyera kwambiri kapena opanda kanthu. Wothirayo amange kansalu pamphuno ndi pakamwa, ana ndi nkhuku zikhale kutali.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Ndalama yoyambira ndi yochepa, thumba mukhoza kulimasula tsiku lililonse, ndipo wogula akafika mumangokweza pa njinga. Kuipa kwake ndi koti mphamvu ya mankhwala imatha ndi nthawi, ndipo imatha msanga kukatentha kapena chimanga chikakhala ndi chinyezi. Ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga, kumene kutentha kumachititsanso tizilombo kuswana mofulumira, thumba lothiridwa mu Juni likhoza kuyamba kuthetheka chaka chisanathe, pamene ku Dedza lingapirire nthawi yotalikirapo. Ndalama yake ndi ya chaka chilichonse, nthawi zina kawiri pa chaka. Pali vuto linanso la mankhwala achinyengo ndi otha ntchito, ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina pa tsiku la msika. Gulani botolo losatsegulidwa, lolembedwa tsiku lothera ntchito, kwa wogulitsa wovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Kuchepetsa mlingo kuti botolo limodzi likwanire matumba ambiri kumapha tizilombo tofooka tokha, ndipo topirira timatsala n'kubereka ana opirira ngati iwo. Makoswe ndi chinyezi cha mu Januwale, thumba wamba silingaziletse. Ndipo mankhwala opopera thonje, fodya kapena ndiwo zamasamba asayandikire chakudya chimene mudzadye, zivute zitani.

Mapiritsi

Awa ndiwatchula kuti ndiwakane. Mapiritsi otuwa amene ena amakulunga m'kansanza n'kuika m'thumba ndi aluminium phosphide. Akakumana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa phosphine, mpweya wakupha umene ulibe mankhwala ouchotsa m'thupi. Ndi zoona kuti mpweyawu umalowa mpaka m'kati mwa njere n'kupha mazira ndi mphutsi, n'chifukwa chake umagwiritsidwa ntchito m'nyumba zazikulu zosungiramo mbewu. Koma kumeneko ntchitoyi amaigwira anthu ophunzitsidwa, mulu wa matumba umafunditsidwa lona yosatulutsa mpweya kwa sabata kapena kuposerapo, ndipo palibe amene amagonamo. M'thumba wamba mpweyawo umangotulukira m'mipata n'kudzaza chipinda, kudutsa pamwamba pa khoma kulowa kumene ana agona. Tizilombo tambiri timapulumuka chifukwa mpweya sunakhalitse, ndipo ukangotha chimanga chimakhala chopanda chitetezo chilichonse. M'nyumba yogona anthu mapiritsi amenewa asalowe.

Thumba losalowa mpweya

Njira imene imandigwira mtima ndi iyi, chifukwa imatenga kupuma kuja, kumene kumawononga chimanga m'thumba wamba, n'kukusandutsa msampha. Thumba la PICS (Purdue Improved Crop Storage) linachokera ku ntchito ya Larry Murdock ndi anzake a ku Purdue University ku America, amene m'zaka za m'ma 1980 ankafufuza njira yosungira khobwe kumpoto kwa Cameroon. Kuyambira 2007 linafalitsidwa m'maiko a kumadzulo ndi pakati pa Africa, kenako linayesedwa pa chimanga, nyemba, mtedza ndi mbewu zina. Ndi matumba atatu ovalana: awiri a pulasitiki yochindikala m'kati, ndi thumba wamba kunja loteteza awiriwo. Palinso ena ogwira ntchito mofanana, monga SuperGrain ndi AgroZ.

Mpweya umene timapuma uli ndi magawo 21 pa 100 a okosijeni. Thumba likamangidwa, tizilombo, mphutsi za m'kati mwa njere ndi njere zomwezo zimapitiriza kupuma, koma mpweya watsopano sulowa. Okosijeni amatsika tsiku ndi tsiku mpaka kufika cha m'ma 5 kapena kucheperapo, ndipo carbon dioxide amakwera. Apa pali chinthu chodabwitsa chimene a Murdock ndi anzawo anapeza pa tizilombo ta khobwe: chimene chimatipha kwenikweni ndi ludzu. Kachilombo kokhala m'mbewu youma kalibe komwa madzi. Madzi ake ambiri kamawapeza m'thupi mwake momwemo, pophwanya chakudya ndi okosijeni. Okosijeni akachepa kamaleka kudya, madzi amaleka kupangika, koma thupi limapitiriza kutaya madzi mpaka kuuma. Mazira ndi mphutsi zobisika zija, zimene mankhwala a ufa sazifika, zimafera m'kati momwemo. Chuku nachonso chimafuna okosijeni, motero sichikula. Ndipo chodabwitsa china n'chakuti thumba lokhala ndi tizilombo tambiri limatha mpweya msanga kuposa loyera.

Komatu zonsezi zimadalira kamangidwe. Musanathire chimanga, tambasulani pulasitiki iliyonse, idzazeni mpweya, gwirani pakamwa n'kufinya. Ikaphwa, pali kabowo. Chimanga chikhale chopetedwa, chopanda tizidutswa ta zitsononkho, timiyala kapena timitengo tolasa. Yambani ndi ndowa imodzi kuti pansi pakhazikike, lowetsani pulasitikiyo mu inzake, zonse ziwiri mu thumba lakunja, kenako dzazani mukugwedeza kuti njere zithinane. Siyani malo okwanira kumanga. Finyani mpweya wa pamwamba, potokolani pakamwa pa pulasitiki ya m'kati mpaka palimbe, pindani, mangani ndi chingwe kapena mphira. Kenako yachiwiri payokha, lakunja palokha. Kumanga onse atatu ndi chingwe chimodzi ndi kuwononga ndalama. Likamangidwa lisiyeni mwezi wathunthu kapena iwiri osalitsegula. Mukadzayamba kudya, tapani chokwanira masabata angapo nthawi imodzi n'kumanganso msanga.

Zofooka zake zilipo ndithu. Pogula limadula kangapo kuposa thumba wamba, ndipo nthawi yogula ndi yomweyo imene ndalama ikufunika pa zinthu zina zambiri. Khoswe akaliboola, ntchito yatha, ngakhale kuti fungo la chimanga silituluka kwambiri ndipo makoswe sakopeka nalo ngati thumba wamba. Nankafumbwe wamkulu amatha kuboola pulasitiki ya m'kati, n'chifukwa chake yachiwiri ilipo, ndipo m'dera limene wavuta ndi bwino kuunika mapulasitikiwo padzuwa chaka chilichonse n'kumata timabowo ndi tepi. Chobaya chija chimene ogula amalasira thumba poyesa chimanga chisaliyandikire. Choopsa kuposa zonse ndi kutsekeramo chimanga chosauma: madzi alibe kotulukira, chimasasa, kununkha ngati masese, ndipo ngati inali mbewu siidzamera. Aflatoxin amene analowa kale thumbali silimuchotsa, limangoletsa kuti asawonjezereke. Koma likasamalidwa limatha zaka zitatu kapena kuposa, ndipo mukagawa mtengo wake pa zaka zimenezo n'kuyerekeza ndi kugula mankhwala ndi matumba chaka chilichonse, kusiyana kumachepa kwambiri. Chimanga chake chimapita kuchigayo chopanda mankhwala, ndipo mbewu youma bwino imamera bwinobwino.

Sailo yachitsulo, madiramu ndi zigubu

Nzeru yake ndi yomweyo ya kumana tizilombo mpweya, koma chotengera ndi cholimba. Sailo zazing'ono za malata zinafala m'maiko a pakati pa America kuyambira zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi boma la Switzerland, ndipo bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT linayamba kuziyesa ku Kenya ndi ku Malawi mu 2008, likuphunzitsa amisiri a m'madera kuzipanga. Khoswe sangaiboole, nankafumbwe wamkulu sangaiboole, ili ndi pokhomera loko, ndipo imatha zaka zoposa 10. Vuto ndi ndalama yogulira, komanso kupeza mmisiri amene amalumikiza malata osasiya mpata ngakhale wa singano.

Alangizi amati tiyatse kandulo pamwamba pa chimanga tisanatseke chivundikiro. Kanduloyo imathandiza, koma tisaidalire mopitirira. Lawi limazima okosijeni akangotsika kufika cha m'ma 16 pa 100, pomwe tizilombo timapumabe bwinobwino. Ntchito yotsalayo amaimaliza ndi anankafumbwe eni ake, ngati chivundikiro ndi potulutsira pamangidwa ndi mphira molimba. Apa pakuoneka chifukwa chake sailo iyenera kukhala yodzaza. Ngakhale yodzaza mpaka pakamwa, pafupifupi magawo 40 pa 100 a malo ake ndi mpweya wa m'mipata ya njere. Ikakhala theka, mpweya umachuluka moti tizilombo timadya kwa nthawi yaitali tisanaumalize. Banja lokolola matumba 6 likagula sailo ya matumba 20 lagula vuto. Iikeninso pa mthunzi, pa matabwa. Chitsulo chikatentha masana n'kuzizira usiku, chinyezi chimachita mame m'kati ndipo chimanga cha m'mbali chimawola.

Amene alibe ndalama ya sailo asanyoze zimene ali nazo kale. Chigubu cha malita 20 chimene munali mafuta ophikira, chikatsukidwa n'kuuma bwino, chimalowa makilogalamu pafupifupi 15, ndipo diramu ya malita 200 imalowa pafupifupi matumba atatu a makilogalamu 50. Dzazani mpaka pakhosi, ikani kapulasitiki pansi pa chitsekerero, mangitsani. Pa mbewu yodzala ndi nyemba, zigubu zimenezi n'zovuta kuziposa, ndipo chilichonse chimatsegulidwa pachokha osasokoneza chinzake. Chigubu kapena diramu imene munali mankhwala, petulo kapena dizilo isagwiritsidwe ntchito.

Phulusa, masamba ndi dzuwa

Agogo athu sankalakwa pothira phulusa m'mbewu. Khungu la kachilombo lili ndi kamafuta kopyapyala koletsa madzi kutuluka m'thupi. Phulusa limakanda ndi kuyamwa kamafutako, kachilombo n'kuuma, komanso limatseka mipata yoyendamo. Koma liyenera kukhala lochuluka lokwanira kudzaza mipata yonse, zimene zimatheka mu mtsuko wa nyemba kapena mbewu, osati m'matumba 15. Masamba a nimu ndi ombwe amathamangitsa ndi kupha tizilombo tina, koma mphamvu yake imasiyana mtengo ndi mtengo ndipo siikhalitsa. Ombwe ndi poizoni ndithu, ndi yemwe uja amaphera nsomba, choncho ndi woyenera pa mbewu yodzala kuposa pa chakudya.

Dzuwa la mu Okutobala ndi mankhwala aulere a chimanga chimene chayamba kale kufumbwa. Chiyaleni mopyapyala pa pulasitiki yakuda, pansi pake pali udzu kapena mphasa, n'kufunditsa pulasitiki yoonekera m'kati kwa maola angapo masana. Kutentha kukapitirira madigiri 55, tizilombo, mphutsi ndi mazira zimafa. Chikazizira chilowe msanga m'chotengera chotseka, chifukwa dzuwa silisiya chitetezo. Mbewu yodzala musaichite zimenezi, kutentha kotere kungaphe kamtima kake.

Ndiye tisankhe chiti?

Ine sindiona chifukwa choti chimanga chonse cha pakhomo chisungidwe mwa njira imodzi. Chimene mudye kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ngati chauma ndipo chili pa matabwa, thumba wamba likhoza kuchisunga popanda mankhwala, kupatula m'madera otentha kwambiri kapena kumene nankafumbwe wamkulu wavuta. Chimene mukufuna kugulitsa cha mu Okutobala kapena Novembala, mankhwala a ufa osakanizidwa bwino ndi okwanira, ndipo ogula amafuna thumba limene angalase. Koma chakudya cha Disembala, Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene mpweya uli ndi chinyezi, mankhwala afooka, mtengo pamsika wakwera ndipo ntchito ya kumunda ikufuna mphamvu, chimenecho chiyenera kukhala m'chotengera chosalowa mpweya. Ngati ndalama ikukwanira matumba a PICS awiri okha, gulani awiriwo, lembanipo tsiku, ndipo akhale omaliza kutsegulidwa. Sailo ndi ya banja limene limakolola zochuluka chaka ndi chaka ndipo lingaidzaze, kapena kalabu ya alimi imene imasunga pamodzi kudikira mtengo. Wokhala m'tauni amene amagula matumba atatu kapena anayi nthawi yokolola n'kuwasunga m'chipinda chogona ana, kwa iye thumba losalowa mpweya kapena diramu ndi njira yokhayo imene ndingamulangize, ndipo ayese chimangacho ndi mchere asanatseke, chifukwa chogulitsidwa mu Epulo ndi Meyi kawirikawiri chimakhala chisanaume.

Musathire mankhwala a ufa m'thumba la PICS poganiza kuti mukuwonjezera chitetezo, n'kungotaya ndalama ndi kudetsa chakudya. Ndipo njira iliyonse imene mwasankha, chimanga chotsala cha chaka chatha chisagone chipinda chimodzi ndi chatsopano. Chigayitseni chidyedwe, sesani m'makona ndi m'ming'alu ya khoma, ndipo matumba akale muwatembenuze, muwaviike m'madzi otentha n'kuwayanika padzuwa musanathiremo zokolola zatsopano.